Firewall ikayamba kulemba zosamveka: mmene mungafufuzire machenjezo a pfSense ndi OPNsense

Pa ofesi ina yaing'ono ku Lilongwe anandiitana chifukwa cha printa. Ankati imagwira ntchito ikafuna. M'mawa inkasindikiza bwinobwino, koma ikamakwana cha m'ma 10 koloko mapepala ankangodzazana pamzere osatuluka, kenako madzulo n'kuyambanso yokha. Anali atasintha kale waya, atazima ndi kuyatsa printayo kosawerengeka. Nditatsegula log (kaundula wa zochitika) ya pfSense, pulogalamu ya firewall imene imalondera netiweki ya ofesiyo, ndinapeza mzere uwu utabwerezedwa tsamba lonse:

arp: 192.168.1.50 moved from 00:1e:8f:aa:10:07 to 6a:41:c2:09:7d:b3 on em1

Mnyamata amene ankayang'anira makompyuta pamalopo anandiuza kuti uthengawu ankauona kwa milungu ingapo, ndipo anali atapeza kale kabokosi kouzimitsira. Ndinamupempha kuti adikire kaye, chifukwa yankho la vuto la printa linali mumzere womwewo.

pfSense ndi OPNsense ndi apachibale. pfSense inayamba mu 2004 kuchokera ku pulogalamu ina yakale ya firewall yotchedwa m0n0wall, ndipo OPNsense inapatuka pa pfSense kumayambiriro kwa 2015, ikutsogoleredwa ndi kampani ya Deciso ya ku Netherlands. Zonse ziwiri zimayenda pa pulogalamu yoyendetsa makina yotchedwa FreeBSD, choncho mauthenga ambiri amene mumawaona ndi ofanana, kusiyana kuli pa malo amene mabatani ali. Ndilondola njira za pfSense, ndipo pofunika nditchula za OPNsense.

Musanakhudze chilichonse, konzani wotchi

Log yopanda nthawi yolondola ili ngati mboni yosadziwa tsiku. Pitani pa System > General Setup muone ngati Timezone ili pa Africa/Blantyre, kapena Africa/Lusaka ngati muli ku Zambia. Ikakhala pa UTC, zonse zolembedwa zimatsalira ndi maola 2, ndipo mudzakhala mukufufuza za 8 koloko pomwe vuto linachitika 10 koloko. Ambirife firewall timaiika pa kompyuta yakale imene inapuma ntchito. Kabatire kake kakang'ono ka CR2032 kakatha, magetsi akangozima makinawo amadzuka ndi deti la zaka zapitazo mpaka atapeza intaneti n'kudzikonza. Mukaona madeti akudumpha mu log, sinthani kabatireko.

Kenako sungani config yanu (fayilo ya makonzedwe onse a firewall) pa Diagnostics > Backup & Restore. Ndi mphindi imodzi yokha.

Koperani uthenga wonse, ndipo onani amene wautumiza

Tsegulani Status > System Logs. Pa OPNsense ndi System > Log Files > General. Musadalire kukumbukira kapena kufotokoza kuti "ikumalemba za ARP". Koperani mzere wonse monga ulili: nthawi, dzina la pulogalamu imene yalemba, ndi uthengawo.

Dzina la wolembayo ndi limene anthu amalidumpha, chonsecho ndi limene limakuuzani koyambira. Akalemba kernel, mtima wa FreeBSD, nkhani ili pansi penipeni: khadi la netiweki, waya, kapena ARP. Akalemba dpinger, ndi kapulogalamu kamene kamayeza ngati gateway (rauta imene mumatulukira popita pa intaneti) ikuyankha. dhclient ndi mbali imene imapempha adiresi kwa okupatsani intaneti, unbound ndi DNS, yosandutsa mayina a mawebusaiti kukhala maadiresi, pomwe filterlog ndi malamulo a firewall enieniwo. Onaninso dzina limene lili kumapeto kwa mzere, monga em0, igb1 kapena re0. Limeneli ndi khomo la netiweki, ndipo pa Interfaces > Assignments mudzaona ngati ndi WAN (mbali ya intaneti) kapena LAN (netiweki yanu ya mkati). Uthenga womwewo ukakhala pa WAN umatanthauza zina, ukakhala pa LAN zinanso.

Tsopano werengani kuti ukubwera kangati, komanso nthawi yanji. Pa Diagnostics > Command Prompt, kapena kudzera pa SSH (njira yolembera malamulo ku firewall muli pa kompyuta ina), lembani:

grep "moved from" /var/log/system.log

Kuyambira pa pfSense 2.5.0 ma log ndi mafayilo wamba amene grep imawerenga mosavuta. Pa OPNsense yang'anani mu /var/log/system/latest.log. Tengani pepala mulembe nthawizo. Uthenga wobwera kamodzi pa sabata, usiku, popanda wodandaula, suli ngati wobwera masekondi 30 aliwonse nthawi ya ntchito. Funsani anthu a pamalopo mafunso osavuta: kodi magetsi anazima liti, jenereta inalira nthawi yanji, ndani wabwera ndi foni kapena laputopu yatsopano, ndani analumikiza kanthu pa switch. Safunsa anadya phula. Nthawi zambiri amene amakhala pa resepishoni amadziwa zimene log singakuuzeni. Onaninso Config History pa Diagnostics > Backup & Restore, mwina mnzanu anasintha kanthu tsiku limene uthengawo unayamba.

Uthenga wa "arp ... moved from"

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi uthenga umene umasokoneza anthu ambiri.

Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi maadiresi awiri. Ya IP, monga 192.168.1.50, imatha kusintha. Ya MAC, ya zigawo zisanu ndi chimodzi zija, ndi ya khadi la netiweki. Firewall ikafuna kutumiza kanthu ku 192.168.1.50 imafuula pa LAN yonse kuti, "Mwini adiresi iyi ndani?" ndipo mwiniwake amayankha ndi MAC yake. Imeneyi ndiyo ARP, njira yakale ya mu 1982, ndipo ilibe chotsimikizira kuti woyankhayo akunena zoona. FreeBSD imasunga yankholo kwa mphindi 20. Pakabwera wina n'kunena kuti adiresi yomweyo ndi yake, kernel imamukhulupirira, imasintha zimene inasunga, n'kulemba mzere uja. Ndiye tanthauzo la uthengawu ndi limodzi lokha: ma MAC awiri akudzitcha eni a IP imodzi. Ntchito yanu ndi kuwapeza awiriwo.

Yambani ndi Diagnostics > ARP Table, kenako Status > DHCP Leases, mufufuze ma MAC onse awiri. Pa OPNsense tebuloli lili pa Interfaces > Diagnostics > ARP Table. Zigawo zitatu zoyambirira za MAC zimasonyeza kampani imene inapanga khadilo, chifukwa bungwe la IEEE ndilo limagawa manambalawa kwa opanga zipangizo. Mukawafufuza mudziwa ngati mukusaka printa, kamera, foni kapena rauta.

Pali kanthu kena kakang'ono kothandiza kwambiri. Yang'anani chilembo chachiwiri cha MAC. Chikakhala 2, 6, a kapena e, adiresiyo sinachokere kufakitale, ndi yodzipangira. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, mafoni amapeka MAC yawoyawo akamalowa pa Wi-Fi pofuna kuteteza mwini foniyo kuti asamalondoledwe. Mumzere wa ku ofesi ija, MAC yachiwiri inayamba ndi 6a. Ndinadziwiratu kuti wolimbirana adiresi ndi printayo anali foni.

Nkhani yake inali yotere. Amene anaika printayo anailembera pamanja adiresi ya 192.168.1.50, koma DHCP ya firewall inkagawa maadiresi kuyambira .10 mpaka .245. Tsiku lina magetsi atazima, firewall inali pa UPS (batire yosunga magetsi) koma printa ayi. Foni ya mmodzi wa ogwira ntchito inapempha adiresi printa ili chizimire, n'kupatsidwa .50. Kuyambira pamenepo mwini foni akafika pa ntchito awiriwo ankalandana adiresiyo, akaweruka printa n'kupuma. Mankhwala ake anali osavuta: pa Services > DHCP Server > LAN tinasintha kuti kugawa kuyambire pa .100, tinachotsa lease (adiresi yobwerekedwa) ya foniyo, n'kuilowetsanso pa Wi-Fi. Zipangizo zokhazikika monga printa, makamera ndi seva muziziika kunja kwa malire a DHCP, ndipo ndi bwino kuzipatsa static mapping (kumangirira IP ku MAC yake) pa firewall pomwepo m'malo molemba pamanja pa chipangizocho, kuti mndandanda wonse uzikhala pamalo amodzi.

Sikuti nthawi zonse pamakhala mkangano. Pali zifukwa zina zosaopsa. Seva yokhala ndi makadi awiri omangidwa pamodzi imatha kuyankha ndi khadi ili kenako ndi linalo. Tizipangizo tokulitsa Wi-Fi, timene ambiri amati repeater, tina timabisa MAC ya foni n'kuikapo yawo, ndiye munthu akamayenda kuchoka kuchipinda china kupita kwina adiresi yake imaoneka ngati ikusamuka. Zipangizo za Apple nazo zili ndi khalidwe lake: kompyuta ya Mac ikagona, chipangizo china cha Apple pa netiweki yomweyo, monga Apple TV, chimatha kuiyankhira, ndipo ikadzuka imatenganso adiresi yake. Mukatsimikiza kuti ma MAC onse awiri ndi anu ndipo palibe chikuduka, pamenepo ndi pomwe mungachonge Suppress ARP messages pa System > Advanced > Networking. Ine sindikonda kabokosi kameneka, chifukwa kamatseka pakamwa mauthenga onse a mtunduwu, ndi amene mudzawafune mawa omwe. Ngati phokosolo ndi lopiririka, lisiyeni.

Chimene chiyenera kukuimitsani mutu ndi pamene adiresi ya seva yofunika, kapena ya gateway, yasamukira ku MAC imene simukuidziwa. Mwina ndi kulakwitsa chabe, koma ndi mmenenso amachitira munthu wofuna kuti zonse zodutsa pa netiweki zizidzera pa kompyuta yake. M'bale wake wa uthengawu ndi uyu:

arp: 6a:41:c2:09:7d:b3 is using my IP address 192.168.1.1 on em1!

Apa firewall ikunena kuti wina watenga adiresi yake yeniyeniyo. Kawirikawiri ndi munthu amene wabwera ndi rauta yakunyumba n'kuilumikiza pa switch kuti Wi-Fi ifike ku ofesi kwake. Marauta ambiri amabwera ndi 192.168.1.1, yomweyonso imene pfSense imayambira, ndipo amagawa maadiresi awoawo. Theka la ofesi limasowa intaneti pomwe theka lina lili bwino. Ngati switch yanu ndi yoyendetsedwa, tebulo lake la ma MAC likuuzani khomo limene wolakwayo ali. Ngati ndi switch wamba, palibe kuchitira mwina, zulani mawaya mmodzimmodzi mukuyang'ana log. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mvetserani pa waya penipenipo

Log ikakusiyani m'malere, onani nokha zimene zikudutsa. Pa Diagnostics > Packet Capture sankhani khomo loyenera ndi ARP, kapena pa SSH lembani:

tcpdump -eni em1 arp

Chilembo e chimaonetsa ma MAC, n chimaletsa kusintha manambala kukhala mayina, i ndiye khomo. Isiyeni iyende pa nthawi imene munalemba papepala ija. Mudzaona mizere ya "who-has" yofunsa ndi ya "is-at" yoyankha. Funso limodzi likalandira mayankho awiri osiyana, mwawagwira onse awiri pamalo amodzi.

dpinger ikamalira

Pa tabu ya Gateways mu System Logs mungapeze zotere:

WAN_DHCP 192.168.8.1: Alarm latency 612345us stddev 210433us loss 22%

Manambalawa amaopsa chifukwa ali mu ma microsecond. 612345us ndi 612 ms, kupitirira pang'ono theka la sekondi. pfSense ikangoikidwa imachenjeza kuchedwa kukafika 200 ms kapena kutayika kukafika 10%, ndipo imati gateway yafa pa 500 ms kapena 20%. Malire amenewa ndi abwino pa fibre. Pa 4G, pa wailesi ya pamtengo, kapena pa ofesi imene anthu khumi akutumiza zithunzi nthawi imodzi, amafikidwa msanga ngakhale mzere usanaduke. Vuto lake n'lakuti alamu iliyonse imachititsa firewall kuyambiranso zinthu zina monga VPN, ndiye anthu amaona kuduka kumene kwadza chifukwa cha alamu yomweyo.

Tsegulani Status > Monitoring, sankhani Quality, muone chithunzi cha sabata yonse. Ngati kuchedwa kumakwera pokhapokha mzere ukadzaza, muyenera kuchepetsa kapena kugawa bwino katunduyo, kapena kukweza malirewo pa System > Routing mu Advanced ya gateway. Ngati kumakwera ngakhale pakati pa usiku, tengani chithunzicho mukawaonetse okupatsani intaneti.

Onaninso kuti dpinger ikuyeza ndani. Mu chitsanzochi 192.168.8.1 ndi adiresi imene marauta ambiri a 4G a Huawei amabwera nayo, kutanthauza kuti mukuyeza kabokosi kamene kali pa tebulo lomwelo. Bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa, kabokosiko kapitirizabe kuyankha ndipo firewall iziti zonse zili bwino. Ikani Monitor IP ya kunja, monga 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1, ndipo gateway iliyonse ikhale ndi yakeyake. Komanso marauta ena saika mtima pa kuyankha ping (timauthenga timene dpinger imatumiza poyeza) akatanganidwa, ndiye amaoneka ngati akutaya pomwe intaneti ikuyenda.

Mukaona "sendto error" pali nambala kutsogolo kwake. 65 ikutanthauza kuti palibe njira yofikira kumeneko, nthawi zambiri chifukwa WAN yataya adiresi. 64 ndiye kuti chipangizocho sichikuyankha. 55 ndiye kuti malo osungira zodikira kutumizidwa adzaza, zimene zimachitika mzere ukathina kapena khadi likamavuta. Pafupi ndi mauthengawa mumapezekanso "arpresolve: can't allocate llinfo for", amene amabwera firewall ikamafuna gateway imene sikugwirizananso ndi adiresi ya khomolo. Mukauona kwa mphindi zochepa magetsi atangobwera, rauta ya kutsogolo isanadzuke, si nkhani. Ukapitirira, yerekezani adiresi ya WAN pa Status > Interfaces ndi gateway imene munalemba. Ndipo WAN ndi LAN zisakhale mu gulu limodzi la maadiresi. Ngati rauta ya okupatsani intaneti ili pa 192.168.1.1, samutsani LAN yanu ipite kwina, monga 192.168.20.1.

"link state changed to DOWN"

Uwu ndi wa waya, doko kapena magetsi, osati malamulo a firewall. Pa Status > Interfaces onani Media ndi In/out errors. Khomo loyenera kuonetsa 1000baseT likamaonetsa 100baseTX, kayikirani waya: gigabit imafuna timawaya tonse 8, pomwe 100 imayenda ndi 4 tokha, ndiye kamodzi kakaduka liwiro limatsika mwakachetechete. Waya asapitirire mamita 100. Ngati DOWN ndi UP zikugwirizana ndi nthawi imene jenereta imalowa, ndiye kuti switch kapena rauta siili pa UPS.

Makadi a Realtek, amene amaoneka ndi dzina la re0, ali ndi mbiri yolemba "watchdog timeout" katundu akachuluka. Yesani kuchonga Disable hardware checksum offload pa System > Advanced > Networking n'kuyambitsanso makinawo. Zikapitirira, khadi la Intel, ngakhale la kaunjika, lidzakupumitsani.

Mizere yofiira pa tabu ya Firewall

Ambiri amadzidzimuka akaona "Default deny rule IPv4 (1000000103)" ikutseka zochokera ku LAN, pomwe lamulo lawo limalola zonse. Yang'anani kumapeto kwa mzere. TCP:S ndi kulumikizana kwatsopano kumene kwakanidwa, ndipo kumeneko n'koyenera kufufuza. TCP:FA, TCP:RA ndi TCP:PA nthawi zambiri ndi mawu otsanzikana amene afika mochedwa, firewall itatseka kale kaundula wa kulumikizanako. Mafoni amachita zimenezi tsiku lonse akamagona ndi kudzuka, ndipo palibe chimene chawonongeka. Koma mukamaona TCP:SA yambiri, anthu n'kumadandaula kuti pulogalamu ina imaduka pakapita kanthawi, ndiye kuti katundu akupita njira ina n'kubwerera njira ina, mwina chifukwa pali rauta yachiwiri pa LAN. Pa WAN, mizere yotsekedwa yochokera kumaiko osiyanasiyana ndi makina amene amangogogoda pa khomo lililonse pa intaneti. Firewall ikugwira ntchito yake.

Pali uthenga wina umene suyenera kudikira mawa: belu la pamwamba likanena kuti "There were error(s) loading the rules" ndi "Cannot allocate memory". Apa malamulo atsopano sanalowe. Kawirikawiri ndi mindandanda ikuluikulu ya maadiresi otsekedwa, monga ya bogonsv6 kapena ya pfBlockerNG, imene yaposa malire. Kwezani Firewall Maximum Table Entries pa System > Advanced > Firewall & NAT, kenako Status > Filter Reload.

Sinthani chinthu chimodzi, dikirani

Mukapeza chimene mukuchikayikira, sinthani chimenecho chokha, lembani nthawi, n'kudikira kuti nyengo imene uthengawo umabwera idutse. Ngati umabwera 10 koloko m'mawa, simungadziwe kuti mwakonza kufikira mawa lake 10 koloko itadutsa. Mukasintha zinthu zinayi nthawi imodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene chinathandiza, ndipo zitatu zinazo zidzakhala misampha ya mtsogolo.

Ma log a pa firewall sakhalitsa, amafufutika akadzaza, ndipo ngati munayatsa RAM disk (kusunga ma log mu RAM osati pa disiki), magetsi akazima mwadzidzidzi mukhoza kutaya a nthawi yomwe mukuifunayo. Pa Status > System Logs > Settings mungakulitse mafayilowo, kapena kuyatsa Remote Logging kuti azitumizidwa ku kompyuta ina.

Zikakukanikani n'kufuna thandizo kwa ena, apatseni mzere weniweni wa uthengawo, mtundu wa pfSense kapena OPNsense umene muli nawo, dzina la khadi la netiweki, kachithunzi ka mmene zipangizo zalumikizirana, ndi zimene mwayesa kale. Bisani IP yanu ya kunja, ndipo musatumize config.xml yonse, chifukwa muli mapasiwedi ndi makiyi a VPN.

Ku ofesi ija tinamaliza ndi kuyenda chipinda ndi chipinda, tikulemba pa pepala limodzi chipangizo chilichonse chokhazikika, IP yake, MAC yake ndi pamene chili. Tinapeza makamera awiri amene nawonso anali mkati mwa malire akale a DHCP, akungodikira tsiku lawo. Pepalalo tinalimata mkati mwa chitseko cha kabati ya switch, ndipo printa tinailumikiza ku UPS.